Rimu ya Mabowo Atatu

Amene anapanga Pijo 404 sindidana naye, koma ndikanakumana naye ndikanamufunsa kuti: akulu, anzanu onse amaboola mabowo anayi kapena asanu pa rimu, inu munatopera chiyani pa lachitatu? Ine ndine Abdosh, ndimamata matayala kunja kwa chipata cha Showa muno mu Harar, ndipo mabowo atatu amenewo anandiyendetsa mpaka zidendene kung'aluka.

Tsiku lina m'mawa anzanga a Wondimu, dalaivala wa takisi amene wakalambira pachiwongolero, anafika akugubuduza wilo lakutsogolo la Pijo yawo. Anali atagwera m'dzenje pa msewu wa ku Aweday. Nditachotsa tayala ndinamenya rimuyo ndi sipanala. Rimu yabwino imalira ngati belu, koma iyi inangoti phwa. Mng'alu unayambira pa bowo limodzi mpaka kukafika pa linzake.

"Yatha iyi, Gash Wondimu," ndinatero, poti Gash ndiye ulemu wa kuno kwa wamkulu. "Ikani ya sipeya."

"Ya sipeyayo ndi imeneyi. Inzake inapindika kalekale."

"Ndiye mumayenda opanda sipeya? Imvi zonsezi?"

"Usandilalatire iwe. Kulubi yayandikira."

Nkhani ya Kulubi ndimaidziwa. Akazi awo, mayi Yeshareg, anachirira pampando wakumbuyo wa galimoto imeneyi ali panjira yopita kuchipatala, mwana n'kubadwa osalira. Mayiwo anafuulira mngelo Gabirieli kuti mwanayo akapuma, chaka chilichonse azipita kutchalitchi chake ku Kulubi, ndipo azipita m'galimoto yomweyo. Mwana analira. Lero ndi chibambo cha ndevu zake ku Addis Ababa, ndipo amayi ake sanaphonyepo chaka. Ine ndine Msilamu, koma kuno ngakhale ife sitisewera ndi lonjezo la kwa Gabirieli.

Chaka chimene rimu inang'alukacho matenda a m'mafupa anali atawagoneka mayiwo, moti kukhala tsonga kunali kuwavuta. Mwana wawo anaimba foni kuti atumiza galimoto yaikulu yatsopano. Iwo anamuyankha ali chigonere kuti, "Ine ndinalonjeza Pijo. Mngelo si wogontha."

Ndinati tiwotcherere mng'aluwo. A Wondimu anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Ndikakhote makona a kumapiri ndi zowotcherera, mkazi wanga ali kumbuyo?" Ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandikwiyitsa.

Tinayamba kusaka. Munthu wina wogulitsa zitsulo zakale ku Dire Dawa analumbira pafoni, mpaka kutchula manda a amayi ake, kuti ali ndi marimu awiri a 404 yeniyeni. Marimuwo anabwera pamwamba pa minibasi. Analidi a 404, koma ya pikapu, mabowo asanu. Tinayendera ngolo za mahatchi, poti eni ake amakonda mawilo a Pijo, koma mabowo ake anali atadyeka moti chala chachikulu chinkalowa n'kutsala malo. Imodzi yooneka bwino tinaipeza kwa mayi wokazinga sambusa pamsika, itasanduka mbaula. A Wondimu anaima n'kumaiyang'ana makala ali ngwee mkati mwake, mpaka mayiyo anafunsa ngati tigula sambusa kapena tangobwera kudzaotha moto. Tinagula sambusa, poti rimu ikadya moto ntchito yake yatha.

Chonsecho tonse awiri tinkadziwa kumene kuli marimu anayi abwinobwino, kungoti panalibe wofuna kuyamba kutchula. Anali pa Pijo ya a Ibsa, amene ankayendetsa takisi pa siteji imodzi ndi a Wondimu kuyambira ali anyamata. Injini yawo inafa chaka chomwe maso awo anagwidwa ndi ng'ala. Galimotoyo inangoima pabwalo la nyumba yawo, iwo n'kumaitsuka, kumapopa matayala, kumauza aliyense kuti maso akadzayera adzaidzutsa.

Madalaivala akale a pa siteji imeneyi ali ndi mwambo wawo. Galimoto yoima pa matayala ake ndi yamoyo, kaya injini inafa liti, ndipo sapemphapo ngakhale bawuti. Mwini wake akavomera yekha kuti yatha, amaikweza pamiyala, n'kuitana anzake, kuphika khofi, ndiye aliyense amatenga chimene akusowa. Kupempha isanakwere pamiyala kuli ngati kuyesa nsapato za wodwala iye akukuona. Kubwereka nakonso n'kosatheka, chifukwa pochotsa wilo uyenera kutsamiritsa pamwala, ndipo amati yokwera pamwala sitsikanso.

Tsiku la Gabirieli litayandikira kwenikweni ndinawakoka dzanja a Wondimu mpaka kwa a Ibsa. Tinawapeza akupukuta galasi lakutsogolo ndi mpango wawo wa pakhosi.

"Wokoka phaziyo ndi Wondimu," anatero asanatembenuke. "Winayo akununkha guluu wa matayala. Mwabwera wapansi? Yakukana?"

"Ikupuma," anayankha a Wondimu.

"Nanga alamu?"

"Akupumanso."

Mpongozi wa a Ibsa anatiphikira khofi. Akuluakulu awiriwo anayamba kukumbutsana za msewu wa ku Jijiga usanaikidwe phula, za tsiku limene ananyamula mkwati ndi mbuzi pampando umodzi, za anzawo amene anatsogola. Ine ndinkangowaponda phazi a Wondimu. Kapu yoyamba inatha, yachiwiri, yachitatu, iwo osatchula kanthu. Kenaka anadzuka, kuthokoza, tonse n'kutuluka.

Panja ndinaphulika. "Tinabwerera khofi? Khofi kwanu kulibe? Mawu awiri okha akukanikani?"

"Waona mmene galasi lija layerera?" anatero motsitsa. "Munthu sakuona, koma lili mbee. Ine sindingathe, Abdosh."

"Nanga alamu mukawauza chiyani?"

"Ndikawauza kuti ndalephera."

Mkwiyo wanga unathera pomwepo, n'kutsala chisoni chokha. Tinasiyana pamphambano.

M'mawa mwake ndili mkati momata tayala la njinga, ndinamva ndodo ikugogoda pansi. Anali a Ibsa, atabwera okha mopapasa makoma.

"Jeki yako ikugwira ntchito, kapena nayo ndi yakufa?"

"Ikugwira, Obbo Ibsa. Mwaphulitsa tayala muli chiimire?"

"Usandiyankhe zachibwana. Wondimu chiyambire sanayendepo wapansi, fodya weniweniyu amakagula pagalimoto. Dzulo wabwera wapansi, mwezi wake uno wa Gabirieli, n'kumwa khofi wanga ngati mankhwala. Ndine wakhungu, sindine chitsiru. Nyamula jekiyo."

Titafika ndinapeza milu inayi ya miyala, mulu uliwonse pafupi ndi wilo lake. Mpongozi wawo anandinong'oneza kuti a Ibsa anaitola okha, chokwawa, ndipo anakana kuthandizidwa. Mawu anali atatumizidwa kale. Madalaivala akale amene atsala anafika mmodzimmodzi n'kukhala pamkeka, lubani akufuka, khofi akuwira. A Wondimu anafika pomaliza, n'kuima pachipata.

"Ibsa, ine sindinapemphe."

"Ndani wanena kuti wapempha? Lowa, ukutitchingira mphepo."

Sipanala anagwira okha a Ibsa. Ankapapasa nati iliyonse, kuimasula, kuiika m'thumba la malaya. Ine ndinkangokweza jeki ndi kulowetsa miyala. Galimoto itakhala pamulu womaliza, anaika dzanja pa boneti n'kukhala choncho kanthawi. Ndachotsa mawilo ambirimbiri pa moyo wanga, koma tsiku limenelo zinandiwawa mumtima. Ndinamenya marimu onse ndi sipanala, ndipo onse analira bwino.

"Tenga onse anayi," anatero a Ibsa kwa a Wondimu. "Uike amenewa, akowo akhale a sipeya. Koma ine ndikhala kutsogolo. Ndikufuna ndiwamve akuyenda."

Madalaivala enawo anamwa khofi n'kumapita. Palibe anatenga kanthu tsiku limenelo.

Pa tsiku la Gabirieli tinanyamuka dzuwa likutuluka, kukuzizira koopsa. Mayi Yeshareg tinawagoneka kumbuyo pamapilo, atafunda nsalu yawo yoyera, atakumbatira makandulo ndi ambulera yonyezimira yokapereka kutchalitchi. Ine ndinapanikizika kutsogolo pakati pa nkhalamba ziwiri, jeki ili kumapazi. Msewu unali wodzaza ndi anthu a ulendo womwewo, ena m'mabasi, ena wapansi opanda nsapato, ena atabereka ana okabatizidwa. A Ibsa anatsitsa galasi n'kupendeketsa mutu panja.

"Ukuyendetsa mawilo anga ngati a boma, iwe. Dzenje lija sunalione?"

"Waliona ndiwe?"

"Ndalimva ndi msana."

Kumbuyo mayi Yeshareg anaseka mpaka kutsokomola. "Musiyeni mwamuna wanga, alamu. Anaphunzirira pa bulu." Aka kanali koyamba kuwamva akuseka chidwalire.

Ku Kulubi kunalibe poponda. Tinalowa pang'onopang'ono mpaka pamene galimoto sikanathanso kupitirira. Tinkafuna kuwanyamula mayi Yeshareg, koma anakana. Anatsitsa mapazi pansi, kugwira phewa la amuna awo, azimayi awiri osawadziwa n'komwe n'kuwagwirira mbali inayo, ndipo analowa m'chikhamucho akuyenda okha. Ine ndi a Ibsa, Asilamu awirife, tinatsala pagalimoto, tikumvera ng'oma ndi nthungululu, iwo akuzungulira n'kumakhudza wilo lililonse kuti amve ngati latentha.

Mayi Yeshareg anabwerako dzuwa litapendeka, manja ali opanda kanthu, nkhope itawala ngakhale ankapuma movutika. Tinawagonekanso pamapilo aja, tonse n'kulowa.

"Mwandipemphererako maso, alamu?" anafunsa a Ibsa.

"Ndakupemphererani, ndatchula ndi dzina lomwe. Msilamu kaya ayi, mngelo wakudziwani tsopano."

"Nanga inuyo mwapempha chiyani chaka chino?"

"Ine ayi, sindinapemphe kanthu," anatero akukonza nsalu yawo. "Ndinangopita kukathokoza, ndi kukamuuza kuti mbali yanga ndakwanitsa. Chaka chamawa asandidikire."

A Wondimu anali atalowetsa kale kiyi, koma sanaipotokole. Anangogwira chiwongolero ndi manja onse awiri, maso ali kutsogolo. Kumbuyo kwathu maminibasi anayamba kuliza mahutala, makondakitala akumenya zitseko ndi kutitukwana, koma panalibe mmodzi mwa ife amene anauza a Wondimu kuti alize galimoto.