Mawu a Kuseri kwa Katani

Kwa zaka zinayi, nyimbo za mayi wa m'sewero zinkachokera kuseri kwa katani. Pasiteji pankaima Madamu, akazi a mwini garaja, atavala diresi yofiira, akungotsegula ndi kutseka pakamwa ngati nsomba yovuulidwa. Woimba weniweni anali mayi wina, telala wa gulu la sewerolo, amene ankakhala pa mpando wapulasitiki pakati pa matsache ndi nthambo za magetsi, maikolofoni ili m'manja. Madamu sankatha ngakhale kanyimbo kogonekera mwana, koma lole yonyamula mipando inali ya amuna awo, ndiye aliyense ankangoti chete.

Telala sankadandaula. Koma chaka chimenechi anapempha chinthu chimodzi. Mwana wake wamkazi, amene anatengedwa ndi bambo ake ali ndi zaka zitatu banja litatha, anali kubwera kudzaonera sewerolo koyamba. Mtsikanayo anali atafika zaka khumi ndi zitatu osamvapo mayi ake akuimba. Aphunzitsi, mtsogoleri wa gulu, analonjeza kuti pa nyimbo yomaliza katani idzatsegulidwa ndipo telala adzaimba anthu akumuona. Iye anakhulupirira, mpaka anadzisokera diresi ndi nsalu zotsala. Anaiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Loweruka masana holo ya sukulu inadzaza ndi makolo ndi ana. Sewero litatsala pang'ono kuyamba, aphunzitsi anabwera kuseri akukanda m'mutu.

"Mayi telala, pavuta pang'ono. Madamu aitana apongozi awo ndi amayi a kumpingo kwawo. Onsewo amadziwa kuti amaimba ndi Madamuwo. Mukatulukira poyera, muwachititsa manyazi."

"Nanga mwana wanga, aphunzitsi? Munalonjeza."

"Chaka chamawa, mayi. Chonde musandiike pampanipani."

Aphunzitsi anachoka mwachangu ngati munthu wopsa phazi. Telala anapsa mtima kwambiri. Anaganiza zongokhala duu nyimbo ikayamba, kuti Madamu ayasamule okha pamaso pa apongozi awowo. Koma atasuzumira pa kabowo ka katani, anaona mwana wake pa mzere wachitatu, atagwira chibwano, maso ali pasiteji. Sakanatha kumuonongera tsiku.

Choncho anaimba. Nyimbo yomaliza inali ya mayi woitana mwana wake wosochera m'tauni, ndipo anaiimba ndi mtima wonse, misozi ikudonthera pa diresi yatsopano ija. Nyimbo itatha, m'manja munawombedwa mpaka malata kulira. Madamu anawerama katatu.

Anthu akutuluka, mtsikana uja anapeza mayi ake akupinda zovala za osewera.

"Amayi, munali kuti? Mwaphonya! Amayi ovala zofiira aja kuimba kwake! Ine mpaka ndalira."

Telala anatsegula pakamwa kuti anene zoona, koma Madamu anali atafika kale, fungo la pafyumu lili patsogolo, apongozi awo ali pambuyo. Aphunzitsi anali pakhomo akumuyang'ana ndi maso opempha.

"Uyu ndi mwana wanu, mayi telala? Kukongola kwake!" anatero Madamu, akumukumbatira mtsikanayo.

Mwanayo anasangalala kwambiri. Kenaka anatulutsa foni m'thumba n'kuipereka kwa mayi ake.

"Amayi, tijambuleni. Ndikawaonetse adadi munthu woimba."

Telala anakweza foni. Pa galasi anaona mwana wake atatsamira pachifuwa cha mkazi wina, akumwetulira kumwetulira kumene iye anali asanapatsidwepo. Zinamupweteka kwambiri. Anadina, n'kubweza foniyo.

Mtsikanayo anayang'ana chithunzicho n'kukwinya nkhope.

"Aa, amayi, mwagwedeza dzanja. Sichikuoneka bwino. Jambulaninso."