Ulusi wa Tinyade

Firida, telala wa pakhonde la sitolo ina ku Balaka, analota masana dzuwa lili paliwombo, mutu atautsamiritsa pa makina. Analota ali m'kati mwa chithunzi chakale chodindidwa ku Falansa, chimene Tinyade anachipeza m'thumba la jekete ya pa kaunjika n'kunena kuti diresi la ukwati wake lisokedwe chimodzimodzi ndi madiresi a m'menemo. Tinyadeyo anali mwana wa malemu Ketrina, mkulu wake wa Firida, ndipo Firida ndiye anamulera kuyambira ali ndi miyezi isanu.

M'chithunzimo mitengo, nyumba, ngakhale mithunzi, zonse zinali timizere ta inki yakuda. Azimayi anayi anakhala mondondozana atavala madiresi otambalala ngati madengu ovundikira, m'chiuno mothina ngati mavu, kumutu zisoti zansalu zazitali ngati chulu. Aliyense anapanira kukhwapa ndodo yokhala ndi ubweya wa nkhosa kunsonga, dzanja lina likuzunguza kamtengo kokulungira ulusi. Pansi pawo panali mawu a Chifalansa, ndipo nkhuku inkajompha zilembozo chimodzichimodzi.

Wachinayi anali Ketrina. Ndodo yake inalibe ubweya.

"Mwafika, mng'ono wanga," anatero Ketrina, maso ali pa zala. "Imani pomwepo. Ndi pamene anakujambulani."

"Achemwali, mukupota chiyani, poti ubweya mulibe?"

"Ndikupota changa."

Firida anatsatira ulusiwo ndi maso. Unadutsa pabwalo, unakwera khonde, n'kukathera pa mpendero wa diresi loyera. M'diresimo munali Tinyade, akumwetulira ngati pa tsiku la chinkhoswe. Firida anazindikira kasokedwe kake komwe, ngakhale nsaluyo anali asanaidule n'komwe.

Kamtengo kanazungulira, mpendero unasululuka. Kenako mapazi a mtsikanayo anasululukanso mzere ndi mzere, mpaka panangotsala pepala loyera.

Firida anafuna kuthamanga koma sanasunthe. Nayenso anali atavala diresi lotambalala, ndipo atalikweza anapeza kuti m'katimo mulibe miyendo. Wojambula sanaone chifukwa chojambulira zosaoneka. Anati akuwe, koma zingwe za m'chiuno zinamulola mpweya wa mawu ochepa okha.

"Achemwali, ukwati ndi Loweruka lino."

"Ndamva. Ine simunandiitane."

"Munamwalira."

"N'chifukwa chake ndili ndi nthawi," anayankha Ketrina, akunyowetsa chala ndi malovu.

Mawondo a mtsikanayo anapita, chiuno chinapita. Tinyade anayang'ana pansi, kenako anayang'ana Firida monga ankachitira ali wamng'ono malungo akamugwira.

"Amayi, sizikupweteka," anatero. "Koma gwirani."

Ulusiwo unkadutsa pafupi ndi dzanja la Firida. Anaupana ndi zala ziwiri, zala zimene zinagwira ulusi zaka makumi atatu osauphonya. Unapulumuka ngati mlamba. Anamva chipsera cha pachigongono cha mwanayo chikudutsa pakati pa zala zake ngati kamfundo, kenako khosi, kenako mpata wa m'mano. Omalizira anali maso.

Pakhonde panatsala nsapato zokha.

Ketrina anadula ulusi ndi mano, anavula mpukutuwo pa kamtengo, nauyang'ana nthawi yaitali. Unali waukulu ngati dzungu laling'ono, wolemera ngati khanda. Anaufungatira pachifuwa, anaununkhiza, ndipo pa tsaya lake panatsika dontho la inki.

"Ndimangofuna kumunyamulako," anatero. "Wakula bwino. Zikomo. Tengani, ndinu telala, msokeninso."

Firida analandira ndi manja awiri. Mpukutuwo unali wofunda ndipo unkagunda. Anapapasa pachifuwa pamene amabaya masingano ake, koma panalibe kanthu. Anafunsa mzimayi woyamba, wachiwiri, wachitatu, mwaulemu wonse, ngati angamubwerekeko singano.

"Pepani, mayi," anayankha onse pamodzi, timitengo tikuzungulirabe. "Kuno timangopota."

Firida anaimirira pomwepo, nsonga ya ulusi ili pamilomo, akuinyowetsa, akuisongola, akuinyowetsanso.