Mbeta ya kwa Mariyarapazi

Margarita ananama bodza limodzi lokha chibwerere ku Itepela, ndipo linali bodza laukhondo moti ngakhale padiri akanalidalitsa. Ankauza aliyense kuti Rosalina ndi mkulu wake.

Analipeka ali m'lole, chaka chimene anthu ankabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Atangodutsa pa Mandimba, mayi wina amene anakhalira thumba la mbewu analoza Rosalina ndi mlomo n'kufunsa kuti, "Nanga awa ndi ayani?" Margarita sanachedwe. Bambo ake, malemu Lucas, anagwirako ntchito ya njanji ku Cuamba, ndipo ndani sadziwa mbiri ya amuna a njanji? Basi Rosalina anasanduka mwana wa a Lucas wa ku Cuamba. A Lucas, pokhala anagona kalekale, sanatsutse.

Zoona zake n'zakuti awiriwa anakumana mumsasa wa othawa nkhondo, pamzere wolandira ufa, ndipo kuyambira pamenepo mphasa yawo inali imodzi. Margarita ankamukonda Rosalina ndi mtima wonse. Ndi mtima womwewo ankaopa kuti anthu adziwa.

Kumudzi anapeza makoma akuda ndi thengo lofika m'khosi. Nyumba zinkafunika zambiri, amuna anali ochepa, ndipo ena mwa ochepawo anabwera ndi mwendo umodzi. Rosalina, amene anakulira m'nyumba za anthu a njanji akugwirira misomali bambo ake enieni, anavala buluku la pa kaunjika n'kukwera padenga. Akulu ankati denga limene wakwera mkazi limadontha. Mvula inabwera, madenga a Rosalina sanadonthe, ndipo akuluwo anasintha nkhani n'kuyamba kukamba za mitengo ya fodya.

Dzina linabwera ndi mnyamata wina amene anali atangotula mfuti. Anaima pansi pa nyumba, manja m'thumba, n'kukuwa kuti, "Taonani Mariyarapazi!" M'Chipwitikizi ndiye kuti Mariya mnyamata, mkazi wodziyesa mwamuna, ndipo olinena amafuna kuti umve ndi zina zimene sananene. Ana analitola tsiku lomwelo. Pofika Lamlungu linali litafika pachitsime, ndipo dzina likafika pachitsime ndiye kuti lakhazikika.

Margarita analira mpaka maso kutupa. Koma m'mawa mwake anamva mawu a Rosalina pakhomo la anthu ena, akumveka mudzi wonse: "Odi kuno! Mariyarapazi wafika, udzu uli kuti?"

Mkazi ameneyu analimba mtima, tisabise. Anthu anayamba asowa chochita, kenaka anaseka, kenaka anazolowera. Wofuna kumutukwana ankapeza kuti mwini wake wanena kale, mokweza kumuposa. Ukaipa dziwa nyimbo, ankatero ena pomunyoza, koma m'mawa ankatuma uthenga kuti Mariyarapazi adzaone phaso.

"Ukudzitukwana wekha bwanji?" anamufunsa Margarita tsiku lina akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba.

"Akandiitana choncho akunena zimene maso awo aona," anayankha Rosalina. "Iwe ukandiitana kuti achemwali ukunena zimene kulibe. Ndiye lotukwana ndi liti?"

"Langa limatisunga."

"Limatisunga, sindikukana. Ndiye ndimangoti zii ukalinena."

Panabweranso dzina lachitatu. Ivone, mtsikana wa ku Cuamba amene ankayenda ndi anthu okumba zitsime, anawaona kawiri basi n'kumvetsa zonse. Anawanong'oneza mwachifundo kuti m'mizinda ikuluikulu akazi otere amadzitcha malezibika, ndipo salichita manyazi. Rosalina analitchula kangapo ngati akulawa mchere m'ndiwo. "Labwino ndithu, Ivone mnzanga, lisungeni," anatero. "Koma lili ngati nsapato ya pa kaunjika, mwini wake anali ndi phazi lina. Langali ndalipondaponda, lafewa." Margarita sanafune lililonse mwa awiriwo. Iye ankafuna la uchemwali, limene linkamulola kuimba m'kwaya ya amayi ndi kutunga madzi popanda womuyang'ana m'mbali.

Koma walira mvula walira matope. Panali bambo wina dzina lake Matias, mlimi wa fodya, amene mkazi wake anamwalira kumsasa n'kumusiyira ana awiri. Anali munthu wabwino, wosamwa, woyankhula motsitsa. Tsiku lina anamupeza Margarita m'njira yochokera kuminda, anavula chipewa n'kunena mawu ake. Margarita anachita mantha. Kukana mwamuna wotere popanda chifukwa kukanadzutsa mafunso, ndiye anathawira m'mawu amene anamva amayi ake ndi azakhali ake akunena: "Ine ndilibe mawu, kafunseni kwa akulu anga." Iye ankati wazemba. Anaiwala kuti mkazi wosafuna satumiza munthu kwa akulu ake, ndipo Matias anapita kwawo akuimba mluzu.

Margarita sanamuuze Rosalina zimenezi. Ankati mwina zizilala zokha.

Lamlungu masana, anthu atatuluka m'tchalitchi, a Andreya, amalume a Matias, anafika atavala jekete pa dzuwa lonse lija. Margarita atawaona kuchokera kukhitchini, anabisala momwemo. Rosalina anawayalira mphasa pakhonde, anamanga nsalu ya kapulana pamwamba pa buluku posonyeza ulemu, n'kukhala pansi.

A Andreya anayamba ndi za mvula, za msewu wa ku Mandimba umene unali usanakonzedwe, za mbewa zimene zinachuluka. Kenaka anakhosomola.

"Mayi, mwambo umati nkhani iyi ipite kwa amalume. Koma amalume nkhondo inadya, ndipo wamkulu amene watsala pakhomo pano ndinu. Tambala wathu Matias waona msoti pano. Anayankhula nawo, ndipo msotiwo unati tikafunse kwa akulu ake. Ndiye tabwera kudzafunsa ngati mbeta ilipo."

Margarita ankamva zonse kuseri kwa chitseko cha bango. Anayembekeza kuti Rosalina aseka, kapena anena limodzi la mawu ake aja othyola khosi, mlendo n'kunyamuka. Sizinatero. Rosalina atayankhula, mawu ake anali aulemu ngati a nkhoswe yeniyeni.

"Mwachita bwino kubwera masana, bambo, mwatilemekeza. Matias ndi munthu, palibe angamunenere choipa. Koma mbeta ikhalepo kapena isakhalepo, anene ndi mwini wake." Anatembenukira kukhitchini. "Margarita, mng'ono wanga, tabwera."

Chibwerere, Rosalina anali asanamutchulepo choncho, ngakhale pamaso pa padiri. Mawuwo anamulasa Margarita kuposa dzina lija limene analirira. Anamvetsa kuti Rosalina wamutsegulira njira. Akangoti inde, zonse zikhala m'malo mwake: ukwati wa m'tchalitchi, ana awiri omutcha amayi, mpando wake wa m'kwaya mpaka ukalamba. Palibe akanamufunsanso kanthu, ndipo Rosalina akanavina paukwatipo ngati mkulu wake.

Anatuluka n'kugwada m'mbali mwa mphasa. Anamuyang'ana Rosalina, koma iye ankayang'ana zikhatho zake zokhakhala ndi luzi.

"Wamva zimene abwerera bambowa," anatero Rosalina. "Nena zakukhosi."

Margarita anatembenukira kwa a Andreya. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye anali atavumbwa mokwanira.

"Bambo Andreya, pepani kuti mwavutika ndi ulendo. Wolakwa ndine, a Matias sanalakwe. Pano palibe mbeta." Analoza Rosalina. "Awa si achemwali anga. A Lucas sanawabereke, sanawaonepo n'komwe. Awa ndi Mariyarapazi, ndipo ine ndine wa kwa iwo, monga mmene mayi akunyumba alili a kwa inu."

Kanali koyamba kulitchula dzinalo ndi pakamwa pake. Ndipo linatuluka lonse.

A Andreya anapotokola chipewa pabondo. Anali munthu amene anaona zambiri m'zaka za nkhondo, koma izi sanazikonzekere. Anayang'ana Margarita, anayang'ana Rosalina, anayang'ananso chitseko cha nyumba yawo ya chipinda chimodzi ngati akuchiona koyamba.

"Ndamva," anatero pomaliza. "Ine ndatumidwa, ndiyenera kukatula zimene ndapeza. Mphwanga sindingamunamize. Ndipo mukudziwa, mayi, kuti zimene wamva Matias lero, mawa zili pachitsime."

"Ndikudziwa, bambo."

"Ndi kutchalitchi komwe."

"Ndikudziwa."

Anadzuka, anakung'untha jekete, n'kutsika pakhonde. Sanatsanzike monga mwa masiku onse, koma sanalavulenso. Awiriwo anawaperekeza ndi maso mpaka anakhotera kuseri kwa chigafa cha fodya.

Margarita anadabwa kuti mantha aja, amene anawasenza kuchokera kumsasa, sanachoke, koma anali atapepuka moti akanatha kuyenda nawo. Anatembenuka kuti amuuze Rosalina zimenezi, mwina amukalipirenso chifukwa chomuika pamoto pamaso pa mlendo.

Anapeza Rosalina akulimbana ndi mfundo ya kapulana. Mkazi amene ankayenda pamwamba pa phaso ngati akuyenda pabwalo ankalephera kumasula nsalu. Margarita anagwada n'kumumasulira.

"Iwe, ukulira?"

"Ndimati uvomera," anatero Rosalina. "Pamene amakamba za mbewa paja, ine n'kuti nditaganiza kale kuti nyumba yanu ndidzafolera ndine, kuti usamakadonthedwe."