Laputopu Imene Inatsala kwa Alamu

Ine sindikonda kuphunzitsidwa, makamaka ndi Mawaya. Mawaya ndi wamakompyuta wa pa ofesi pathu, munthu woti ukangomupatsa moni wayamba kale kukufotokozera za mabatire. Koma Lachinayi limenelo kompyuta yanga inkayenda ngati yatopa ndi moyo, ndiye nthawi ya nkhomaliro ndinagonja n'kumuitana.

Anakhala pampando wanga, n'kukankhira pambali zitsanzo za matayilosi zimene timaonetsa makasitomala. Ine ndinaima pafupi ndi windo ndikudya.

"Ndichotsenso makuki?" anafunsa.

"Ndinafufuta kale zonse. Ndimafufuta Lachisanu lililonse."

"Mumafufuta mndandanda wa masamba amene mwatsegula, mayi. Makuki ndi nkhani ina."

"Wayamba," ndinatero.

Anayambadi. Akuti ukalowa pawebusayiti ndi pasiwedi, eni ake amakusiyira kafayilo kakang'ono m'bulawuza, pulogalamu yotsegulira mawebusayiti ija, ngati kakhadi kamene mlonda amakupatsa pageti. Ukabweranso sakufunsa kuti ndiwe ndani, amangoona kakhadiko n'kutsegula. Kena kamafa ukangotseka bulawuza. Koma ngati unachonga kabokosi kaja koti akukumbukire, kamakhala mwezi, miyezi itatu, mwina mpaka chaka, malinga ndi mmene eni webusayiti anafunira. Ena amakawonjezera masiku nthawi iliyonse ukalowa.

"Nanga amadziwa bwanji kuti wabwerayo ndine?" ndinafunsa.

"Sadziwa. Iwo amadziwa kakhadi basi."

Ndinatseka kontena ya chakudya changa.

Mng'ono wanga anathawa mwamuna wake masabata asanu ndi limodzi apitawo. Alamu anga amenewo ndi munthu woyankhula motsitsa, wovala malaya osita bwino, woti mutakumana naye pa basi mungamupatse mwana kuti akunyamulireni. Yemweyo anamuthyola mng'ono wanga zala ziwiri pachitseko cha bafa, mwana akuona. Tsiku lina anamuuza akumwetulira kuti akadzayerekeza kuchoka, mwanayo sadzamuonanso. Ndimadana naye munthu ameneyo, sindibisa, ndipo ndimamuopa.

Zothawazo ndinakonza ndine. Chipinda chakumbali ina ya tawuni ndinapeza ndine, nambala yatsopano ndinagula ndine. Ndipo m'mawa wa tsiku lochokalo, ndine ndinamuuza mng'ono wanga pafoni kuti, "Laputopu isiye, ndi yake, anganene kuti waba. Ungofufuta mndandanda wonse, palibe chimene apeze." Ndinanena molimba mtima, ngati munthu wodziwa zinthu. Iye anati, "Chabwino, achemwali," chifukwa chiyambire sanatsutsepo mawu anga.

Mwana wake timamutcha Phwiti chifukwa cha kuchepa. Ali ndi zaka zisanu, ndipo ali ndi mphumu. Chipatala chimene amapitako chili ndi nthambi zingapo, ndipo tsiku loonana ndi dokotala amasungitsa pawebusayiti. Kunyumba kuja mayi ake ankasungitsira palaputopu. Atasamuka anayamba kugwiritsa ntchito foni, n'kusankha nthambi yapafupi ndi kumene akukhala. M'mawa womwewo anali atandilembera kuti lero 2 koloko akupita ndi Phwiti kwa dokotala.

"Mawaya," ndinati, "munthu akasintha zinthu pafoni, wina amene ali ndi kakhadi kaja palaputopu amaziona?"

"Ngati kakadali kamoyo, amaona zonse. Bwanji?"

Ndinamusuntha ndi mpando womwe, n'kutsegula webusayiti ya chipatala ija. Pasiwedi ndinkaidziwa, ndine ndinamusankhira mng'ono wanga. Tsamba litatseguka, zonse zinali poyera pamwamba penipeni: dzina la Phwiti, nthambi yatsopano, msewu wake, chipinda nambala 4, lero, 2 koloko.

Mawaya anasiya nthabwala. Anandilanda mausi mwaulemu n'kupita pamalo ena pamene pamaonetsa zipangizo zimene zalowa. Panali zitatu. Kompyuta yanga, foni, ndi laputopu.

"Laputopuyi ndi ya ndani?"

"Ya alamu anga."

"Yalowa lero. Itangodutsa 9 koloko m'mawa." Anatsitsa tsamba pang'onopang'ono. "Dzulonso. Dzana. Mayi, munthu ameneyu wakhala akutsegula tsiku lililonse."

Mayo ine! Masabata asanu ndi limodzi tikuyenda monyang'ama, tikusintha mabasi, Phwiti tikumuletsa kusewera panja, pamene bambo uja ali phee patebulo lake lodyera, akudikira kuti tsiku lilembedwe. Sanafunse munthu aliyense. Sanandiimbire ngakhale kamodzi, ndipo ine chitsiru ndinkati wagwa ulesi.

"Mutulutse!" ndinakuwa. Mnzathu wapakauntala anasuzumira pakhomo, ndinamuyang'ana diso limodzi, anabwerera.

Mawaya anadina pamene analemba kuti zipangizo zonse zituluke. "Basi, kakhadi kake kafa. Akatsegulanso amufunsa pasiwedi. Tisinthenso pasiwediyo."

"Nanga zimene waona kale?"

Ndinatembenukira kukhoma.

Wotchi yapakhoma inkati kwatsala mphindi khumi kuti 2 koloko ikwane. Ndinaimbira mng'ono wanga. Foni yozima. Ndi khalidwe lake limenelo, akangolowa m'chipatala amazimitsa foni, amati ndi ulemu kwa odwala. Ndinamukalipirapo kangati za ulemu wakewo! Ndinaimbanso, yozima. Ndinalemba uthenga, unangokhala pomwepo osapita. Kuchokera pa ofesi pathu kukafika kumeneko ndi mabasi awiri, pafupifupi ola lathunthu.

"Imbani kuchipatala konko," anatero Mawaya. Anandiwerengera nambala kuchokera pansi pa tsamba, ine ndikudina.

Inaitana nthawi yaitali. Kenako kunayankha mtsikana wa mawu osangalala, kumbuyo kwake kukumveka ana akulira ndi wailesi yakanema.

"Mwaswera bwanji, tikuthandizeni?"

Ndinatchula dzina la mwana. Ndinati ndine mayi ake aakulu, ndikufuna kuyankhula ndi mayi ake msangamsanga, pompano, awaitane asanakhale n'komwe.

"Dikirani ndione," anatero. Ndinamva mabatani akulira, kenako mpando ukukhwekhwereza. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Mawaya anali ataimirira, atatenga kale makiyi a galimoto yake.

Mtsikana uja anabwerera. "Eya, afika. Koma mayi akewo ali m'chipinda chinacho, akulemba mafomu a nthambi yatsopano, atenga kanthawi."

"Nanga mwana?"

"Musadandaule mayi, sali yekha. Bambo ake anabwera kalekale, adikira kuyambira 12 koloko, munthu woleza mtima bwanji. Angotuluka naye panja kuti akamugulire madzi."