Mdima wa pa Wotchi

Amuna anga a Chikoti ndi munthu womva malamulo mopitirira muyeso. Atawachotsa ng'ala m'maso kuchipatala, adokotala anati azivala magalasi akuda pa dzuwa. Iwo anangomva "azivala" basi. M'nyumba magalasi, kutchalitchi magalasi, mpaka ndinkachita kuwafunsa ngati akasambanso nawo.

Magalasi a kuchipatalawo anawakhalira okha pampando, n'kuthyoka. Mkamwini wathu Bester, dalaivala wa lole, anawapatsa ake oyendetsera galimoto.

Kuyambira pamenepo munthu uja anangoti zii. Wocheza ngati iwo, kumangokhala pakhonde kuyang'ana mbuzi! Ine zobisabisa sindigwirizana nazo, ndiye ndinawakhalira kutsogolo.

"Bambo a Nelia, nenani. Chavuta n'chiyani?"

Anatambasula mkono n'kundisonyeza wotchi yawo, ija yolemba manambala.

"Nachisale, apa inu mukuona chiyani?"

"Nthawi. Ndionenso chiyani?"

"Ine ndikuona mdima. Ndikapendeketsa mkono manambala amabwera, kenaka amathawanso. Pafoni chimodzimodzi. Ng'ala ija inayambanso chonchi, pang'onopang'ono."

Ndinachita mantha, sindinama. Munthu wangoyamba kumene kuwerenga yekha buku la nyimbo, ndiye abwererenso mumdima?

Loweruka kunabwera mwana wathu Nelia, amene amaphunzitsa sayansi kusekondale cha ku Namitete. Ndinamukokera kuseri kwa nkhokwe n'kumuuza zonse. Anapita pakhonde, n'kupempha magalasiwo.

"Adokotala anakaniza," anatero bambo ake.

"Ababa, tili pamthunzi. Tandibwerekani kaye."

Anawavala iyeyo, n'kumazunguza wotchi ija m'manja. Kenaka anayamba kuseka, ine mpaka kupsa mtima.

"Iwe, ukuseka chiyani pa matenda?"

"Amama, nanenso ndagwidwa ng'ala. Tavalani muone."

Ndinavala. Ha! Wotchi bii. Kuitembenuza pang'ono, manambala mbee.

Nelia anafotokoza modekha. Akuti pakati pa timagalasi ta wotchi pali timadzi, koma si madzi wamba. Tinthu ta m'madzimo timagona mondondozana, n'kumapotoza kuwala kuti kudutse. Batire ikatumiza mphamvu pamalo ena, tinthu ta pamenepo timadzuka n'kuima chilili, kuwala kumakanika kudutsa, ndiye pamada. Pakudapo ndiye manambala timawerengawa.

"Nanga magalasi a Bester alakwanji?" ndinafunsa.

"Kuwala kochokera pa wotchi kumatuluka kutalunjika mbali imodzi. Magalasi a madalaivala nawo amalola mbali imodzi yokha, kuti msewu usamathobwe m'maso. Zili ngati kulowetsa nsungwi pakhomo. Mukaipingasa, silowa."

A Chikoti anatenga wotchi yawo, m'maso mulibe magalasi. Anaiyang'ana, anaipendeketsa uku ndi uku, n'kuwerenga nthawi mokweza ngati pali amene wawafunsa. Kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya malaya, ati dzuwa.

Nelia atapita kukaika madzi a tiyi, ine mkwiyo unabwera tsopano.

"Inu, masiku onsewa kufa nacho mumtima? Ine ndine mlendo pakhomo pano? Ndikanapanda kufunsa, mukanandiuza liti?"

Anabwezera wotchi ija pamkono.

"Nachisale, munanditsogolera ndi ndodo zaka ziwiri. Kumunda, kutchalitchi, ngakhale kuchimbudzi. Tsiku limene ananditsegula maso, munavina pakhonde la chipatala anthu akuona. Ndikanayambira pati kukuuzani kuti mukaitengenso ndodoyo?"

Ndinkafuna kuwakalipirabe, koma mkwiyo unali utatha.

"Ndodo yake iti?" ndinatero. "Ndinaisonkhezera pamoto tsiku lomwe tinafika. Bwenzi nditangokugwirani dzanja."