Makilomita Operewera

Wamawotchi ankakhulupirira muvi wa wotchi kuposa munthu. Munthu amatha kukuuza kuti ali m'njira pomwe akusamba, koma muvi ulibe chibale. Tsiku lonse ankakhala m'kashopu kake kopanikizika pakati pa telala ndi wogulitsa mankhwala, diso limodzi atatsinzina, linalo lili pa kagalasi, akutola timagiya tating'ono ngati mchenga.

Chimene chinkamulanda mtendere chinali pikiapu ya mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake. Magalimoto awo anali ngati mapasa, onse okalamba kuposa eni ake, a mphuno zozungulira ndi mpando umodzi wautali kutsogolo. Koma akakumana pamsewu waukulu, mlamuyo ankamudutsa ngati chitsa, n'kuliza hutala, n'kutulutsa dzanja pawindo.

"Alamu, paja dzana munkaperekeza maliro a ndani?" ankafunsa pamaso pa anthu.

Wamawotchi ankaseka nawo ndi mano okha.

Tsiku lina anapita kugalaja. Makaniko anagwada kumbuyo kwa galimoto n'kugogoda ndi sipanala chimphika chachitsulo chimene chili pakati pa matayala akumbuyo.

"Injini ilibe mlandu, bwana. Nkhani ili muno, mu difu. Yanuyi anaipangira kukoka katundu. Shafiti imazungulira kambirimbiri kuti tayala lizungulire kamodzi. Mphamvu ndiye zilipo, koma liwiro ndi la ngolo. Tikaika magiya a mano ena, injini izigwira ntchito yomweyo, tayala lizithamanga kuposa pamenepo."

Wamawotchi anamva munthuyo asanamalize. Magiya inali ntchito yake.

Atasintha difuyo, anapita yekha pamsewu wowongoka n'kuponda mafuta mpaka phazi linagunda pansi. Maso sanawachotse pa muvi wa liwiro. Muviwo unakwera mwaulesi, n'kuima usanafike ngakhale pomwe unkafika kale. Ponyamukanso galimotoyo inkachita ngati yangodzuka kumene. Anabwerera kunyumba nkhope itagwa, n'kuponya makiyi patebulo.

"Muziyendera ndinu, mayi. Ine andipusitsa."

Loweruka lililonse mkazi wake ankapita kutauni ina kukaona amayi ake, kuwachapira ndi kuwamvetsera akudandaula za mawondo. Wamawotchi anali ndi chizolowezi chosuzumira manambala a mtunda galimoto ikamanyamuka ndiponso ikabwera. Sikuti ankakayikira kanthu. Munthu wa ntchito yake sangadutse pomwe pali muvi osayang'ana. Makilomita a ulendo wa kwa apongoziwo ankawadziwa ngati tsiku lake lobadwa.

Loweruka lotsatira makilomitawo anaperewera. Sanaperewere pang'ono ayi: pa magawo asanu a ulendowo, limodzi linasowa. Mafuta anatsala ambiri. Mkaziyo anafika dzuwa likadali pamwamba, ndipo anatsika akuimba.

"Galimotoyi mwaidyetsa chiyani, bambo? Ikuuluka!"

Wamawotchi anangoti, "Eti?" Muvi anauona yekha ndi maso ake, ndipo sunkauluka.

Loweruka linalo zinatero, linzakenso chimodzimodzi. Anayamba kulumikiza timfundo take ngati akumanga wotchi. Munthu amene sakufika kumene akunena amayenda mtunda wochepa. Woyenda mtunda wochepa amasunga mafuta. Akafika msanga, ayenera kupeza chonena, ndiye amati galimoto ikuuluka. Zonse zinalowana bwino popanda kukakamiza. Chinatsala ndi nyimbo ija, koma ndani amabwera akuimba kuchokera kochapa makatani a amayi ake?

Kufunsa apongozi sikukanatheka. Mkamwini safunsa zotero, ndipo mayi sangagulitse mwana wake. Choncho anabwereka njinga yamoto ya telala, n'kugawa pakati makilomita atsopanowo, n'kutsata msewu wa kwa apongozi mpaka mita ya njingayo itakwana pamenepo. Anazimitsa injini n'kuyang'ana uku ndi uku.

Panali mzere wa timashopu: golosale yotseka, saluni, ndi situdiyo yojambulira zithunzi. Pakhomo pa situdiyopo panaima mnyamata wamtali, wa ndevu zodulidwa ngati anachita kuyeza ndi rula, malaya osamanga mabatani apamwamba. Ankajambula mayi wina, ndipo anamugwira chibwano ndi zala ziwiri.

"Kwezani pang'ono, mayi. Eya, pomwepo. Sekani ngati mwandikonda."

Wamawotchi anayang'ananso mita ya njinga ija. Masamu sanama.

Anayamba kupitako pakati pa sabata, kuti amuphunzire mdaniyo monga amayang'anira wotchi asanaitsegule. Loweruka sankapitako, chifukwa ankaopa kupeza chimene ankafunacho. Ankakhala pa benchi ya pasaluni, pomwe situdiyo inkaoneka bwino, n'kumayerekeza zonse: msinkhu wa mnyamatayo ndi wake, tsitsi lodzaza ndi lake loyamba kuthawa pachipumi, zala zogwira zibwano ndi zake zonunkha mafuta a makina. Anachitira nsanje ngakhale nsapato zake.

Mayi wa saluni, munthu wansangala wosatha kusunga funso, anatulukira tsiku lina manja ali thovu.

"Achimwene, benchiyi mwaigula? Mumagwira ntchito yanji yokhala chonchi?"

Atamva kuti ndi wamawotchi, anamulowetsa kuti aone wotchi ya pakhoma imene inaima kalekale. Anaikonza. Pothokoza, mayiyo anamukhazika pampando, n'kumumeta, n'kumupaka zonunkhira m'khosi. Madzulo ake mkazi wake anayang'ana mutuwo nthawi yaitali, n'kununkhiza mpweya, n'kutembenukira kumbali. Wamawotchi anaganiza kuti amenewo ndi manyazi a munthu wolakwa.

Potsiriza analimba mtima. Loweruka m'mawa anavala jekete n'kuima pafupi ndi galimoto.

"Lero ndikuperekezani."

Ankayembekeza kuti mkaziyo adzidzimuka, apeza chifukwa. Koma iye anangotsegula chitseko.

"Mwachita bwino. Nanenso ndimafuna tiyende limodzi msewu umenewu."

Anayendetsa ndi mkaziyo. Atatuluka m'tauni, kutsogolo kwawo kunaoneka pikiapu yodziwika ija, ikufuka utsi, injini ikukuwa ngati akuisenda. Mlamu anali pa liwiro lake lonse, lija ankanyadira. Mkaziyo anakonza kakhalidwe, n'kuponda. Galimoto yawo inangong'ung'udza chapansipansi, n'kuyandikira, n'kufanana naye, n'kumusiya. Analiza hutala n'kutulutsa dzanja pawindo. Nkhope ya mlamu inatsala m'galasi, kukamwa kuli yasa.

"Sabata iliyonse ndimawatere achimwenewa," anatero mkaziyo. "Simukuona kuti anasiya kubwera kwathu?"

Wamawotchi anayang'ana muvi. Unali pansi ndithu, pa liwiro loperekezera maliro. Anayang'ana mitengo ya m'mbali mwa msewu, ndipo inkathawa ngati yaona moto.

Pamenepo timagiya ta m'mutu mwake tinagwirana. Chingwe cha muviwo chimachokera ku giyabokosi. Chimawerenga kuzungulira kwa shafiti, isanafike ku difu. Matayala sichiwaona n'komwe. Iye anasintha mano kumbuyo, koma muvi unapitiriza kuwerenga mwakale, ndipo manambala a mtunda amadya kuchokera ku chingwe chomwecho. Zinali ngati kusintha giya m'wotchi n'kusiya nkhope yake yakale, kenako n'kukalipira dzuwa kuti lafulumira kulowa. Makilomita aja sanapite kwa mwamuna aliyense. Anatsalira mu difu.

Mtima wake unapepuka mpaka anafuna kuseka. Mkazi wake anali wake, mlamu anali kumbuyo, ndipo palibe amene ankadziwa zimene iye ankaganiza. Anatambasula dzanja kuti amugwire paphewa.

Mkaziyo anayatsa indiketa.

Galimoto inatsika pamsewu, n'kuima bwinobwino kutsogolo kwa mzere wa timashopu tija. Anazimitsa injini, n'kuchotsa makiyi, n'kuwaika m'chikwama.

"Tsikani, bambo. Mukapereke moni."

"Kwa ndani?"

"Kwa amene amakumetani. Atelala akuti njinga yawo yatha matayala ndi msewu uno. Mkazi wa wamankhwala wakuonani pa benchi iyo, osati kamodzi. Shopu mumatseka masana. Ndiye ndati ndidzaone ndekha kuti mnzangayo ali ndi chiyani chimene ine ndilibe."

Wamawotchi anatsegula pakamwa. Njira zinali ziwiri, ndipo zonse zinali ndi minga. Akhale chete, akhala wachibwenzi. Anene zoona, aulula kuti masabata onsewa ankamuyesa mkazi wake wachibwenzi, ndipo mboni yake inali chingwe.

"Mayi, nkhani yake ndi ya difu," anayamba motsitsa mawu. "Mukaona mano a magiya akumbuyoku..."

"Mano a magiya ndi amene anakupakani perefyumu m'khosi?"

Asanayankhe, chitseko cha situdiyo chinatseguka. Mnyamata wa ndevu uja anatuluka, kamera ili pachifuwa. Anayang'ana mkaziyo ngati mlendo aliyense wodutsa, ndipo Wamawotchi anaona bwino lomwe kuti awiriwa sanaonanepo chibadwire. Umboni umene ankaufuna unali umenewo, waulere, masana dzuwa likuswa mtengo.

Kenako mnyamatayo anamuzindikira iyeyo, nkhope yonse n'kuwala. Anakweza dzanja n'kufuula kuti msewu wonse umve.

"Alamu! Mwatisowa bwanji sabata ino? Lowani, achemwali anga ali m'salunimo, akungokufunsani!"

Mkaziyo anavula wotchi ya pamkono, imene mwamunayo anamukonzera asanakwatirane, n'kuiika pamwamba pa manambala a mtunda.

"Yambirani poyamba, bambo," anatero. "Mano onsewo muwatchule limodzilimodzi. Amayi adikira."