Kumunsi kwa Dimba la Bambo

Bambo atamwalira ndinasiya ntchito kutali kumene ndinkakhala n'kubwerera m'nyumba yawo, ndipo chimene ndinkafuna koposa zonse chinali choti mlamu wanga achoke. Sindibisa. Anali mkazi wa malemu mchimwene wanga, ankagona m'kanyumba ka kuseri, ndipo zaka zitatu zomaliza ndiye ankakhala ndi Bambo. Nyumba ndinaipeza ikununkha mankhwala otsukira m'chimbudzi, mpando wa Bambo atauphimba ndi pulasitiki, dimba limene ankalinyadira lili tchire lokhalokha. Ndinkangodikira chifukwa chomveka choti ndimuuze kuti alongedze.

Mbande zanga za tomato ndi kabichi zinali zitatalika kale m'mabeseni, choncho ndinaitana munthu wa thirakitala. Anabwera Lachiwiri m'mawa pa kathirakitala kofiira, kakang'ono kotha kulowa pageti osakhudza mpanda. Kumbuyo kwake kunali chotipulira, mtanda wachitsulo wokhala ndi mipeni yokhota yambirimbiri imene imazungulira n'kumaphwanya dothi mpaka kusalala.

Munthuyo anatsika n'kuyamba kuzungulira m'dimbamo akubaya pansi ndi kachitsulo. Ine mtima unali m'mwamba, ndinkaona ngati akungotaya nthawi.

"Mayi, muno mulibe paipi, waya, kapena dzenje lakale?" anandifunsa. "Mipeni iyi sisankha. Chimene yapeza imadula n'kumwaza paliponse."

"Ndinakulira pano ine. Mulibe kanthu."

"Ndiye ndiyambe ndakanda pamwamba pokha, kachiwiri ndidzazamitsa."

"Kamodzi basi, mozama. Mbande zanga zikufota."

Apa mpamene mlamu anatuluka m'kanyumba kake, manja ali thovu lokhalokha.

"Alamu, kumunsi uko, kufupi ndi mpanda, asalimeko. Chonde."

"Chifukwa?"

Anayang'ana wa thirakitala uja, kenako anayang'ana pansi. "Ndikuuzani tikakhala awiri."

Ndinapsa mtima. Mumtima ndinati ehe, wayamba kudzidulira malo ndisanamuthamangitse n'komwe. "Palibe za awiri apa. Dimba ili ndi la bambo anga. Abambo a thirakitala, limani ponse, mpaka kumpanda."

Mizere yoyamba inali yokongola, zimenezo sindingakane. Kathirakitala kankayenda pang'onopang'ono, mipeni ikulira, kumbuyo kukutsala dothi lakuda lofewa loti ungadzale ndi chala. Ndinaima pakhonde manja m'chiuno, ndikudziona ngati mlimi wamkulu.

Atafika kumunsi, kulira kwa mipeni kunasintha. Kunayamba kumveka pwatapwata, ndipo kumbuyo kwa chotipulira kunkauluka tizidutswa toyera. Woyendetsayo maso anali kutsogolo, sanaone. Anakhota, nakwera nazo mpaka pakati pa dimba, natsikanso. Pamene ndinkathamangira komweko ndikukuwa kuti aime, n'kuti atadutsa katatu.

Fungo linandipeza ndisanafike. Linali fungo la chinthu chimene chakhala chikuwola pansi osapuma mpweya, lolowa mpaka pakhosi n'kukhala pomwepo. Anali matewera, otaya aja a pulasitiki, mazanamazana. Mipeni inali itawang'amba n'kuwasakaniza ndi dothi. Paliponse panali thonje lotuwa, timalamba tomata, ndi zoterera zina ngati mamina zimene zinkanyezimira padzuwa. Zina zinali zamtundu woti sindiutchula. Nsapato yanga inatitimira pa chimodzi, chinafinyika n'kutulutsa madzi. Ntchentche zobiriwira zinafika ngati zinachita kuitanidwa. Ndinasanza pomwepo, munthu wamkulu ine, pamaso pa mlendo.

Wa thirakitala anazimitsa injini, analavula, nakokera malaya ake kumphuno. Anagwada kumbuyo kwa makina ake ndi mpeni n'kuyamba kudula mapulasitiki amene anali atakulungana pamtanda uja.

"Ndinakufunsanitu, mayi," anatero osandiyang'ana. "Likanakhala khasu akanatuluka amphumphu, mukanangotola. Koma apa ndagaya, ndasakaniza. Muno musadzalemo chodya chaka chino."

Ndinatembenukira mlamu. Ndivomereze kuti pansi pamtima ndinasangalala. Chifukwa chija ndinali nditachipeza.

"Uve wamtundu wanji umenewu! Munthu wamkulu kukwirira zonyansa m'dimba la apongozi anu? Mwana mulibe, ndiye ndi a ndani? Mumalera ana a anthu muno, Bambo akuvutika okha m'nyumba? Pofika Loweruka mukhale mutachoka. Sindikufunanso kukuonani pano."

Amene anayankha anali wa thirakitala, amene anali atasolola thewera limodzi losang'ambika pansi pa chivundikiro cha makina. Analinyamula ndi kamtengo, likudontha. Linali lalikulu ngati nsalu ya pilo.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "awa si a mwana."

Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Mlamu anapukuta manja pa diresi lake.

"Bambo anayamba kuwavala chaka chimene anafa ziwalo mbali imodzi," anatero. "Patsiku anayi, nthawi zina asanu. Poyamba ndinkaika m'thumba la zinyalala. Tsiku lina thumba linaphulika pageti anthu a galimoto ya zinyalala akuliponya, ndiye anaseka, oyandikana nawo n'kutuluka kudzaona. Bambo anamva zonse ali pawindo. Analira, alamu. Ndinayesa kuwotcha, sapsa, amangofuka utsi. Ndiye anandiuza kuti ndizikwirira kumunsi kuno."

"Bwanji simunandiuze?"

"Anandiletsa. Mukanena kuti muimba foni ya vidiyo, ndinkayamba ndawasambitsa, kuwaveka jekete, n'kuwakhazika pampando. Inu munkati akuoneka bwino."

Ndinkaterodi. Ndinkawauza kuti anenepa, iwo n'kumaseka, ine n'kudula foni mtima uli m'malo. Ndinanyansidwa ndi pakamwa panga, ndi zaka zitatu zimene ndinakhala ndikudzitcha mwana wabwino chifukwa choimba foni Lamlungu lililonse.

Wa thirakitala anatsuka mipeni yake ndi paipi ya madzi, anakwera, natuluka pageti osatsanzika. Mlamu analowa m'kanyumba kake n'kutuluka ndi matumba awiri. Anagwada m'dothi muja nayamba kutola tizidutswato ndi manja, kamodzikamodzi, nkhope yake osakwinya ngakhale pang'ono.

"Alamu," ndinatero, "zimene ndanena zija, muziiwale. Khalani. Nyumba ino ndi yanunso."

"Ndichoka ndithu," anayankha akutolabe. "Ndatopa. Ndimangodikira kuti wina andiuze kuti ntchito yatha."

Ndinavula nsapato, ndinakwinya manja a bulauzi, n'kugwada pafupi naye. Nditatambasula dzanja kuti nditole, anandigwira pamkono ndi chikhatho chake chonyowa chija.

"Inu ayi. Kalowereni m'nyumba. Bambo anandilumbiritsa kuti mwana wawo asadzagwire zimenezi."